Chipanda, velemoti ndi kabotolo: momwe mowa unasinthira liwiro ku Dedza

Mowa wa makolo a ku Dedza sunkapsa tsiku limodzi. Mayi wofuna kufulula ankayamba ndi kuviika chimanga kapena mawere m'madzi, n'kuzivundikira ndi masamba a nthochi mpaka zitatulutsa timizu toyera. Chimenecho ndiye chimera. Ankachiyanika pa mphasa, ndipo kuno kumapiri, komwe dzuwa la mu June limachedwa kuboola nkhungu, kuuma kwake kunkatenga masiku. Chikauma ankachisinja. Kenako pankabwera ntchito ya nkhuni, ya madzi a kudambo, ndi yotakasa phala m'mbiya zikuluzikulu utsi uli m'maso. Phalalo likazizira ankathiramo chimera, ndipo m'mawa mwake linali thobwa la ana ndi alendo. Lotsalalo ankaliphikanso, kuthiramo chimera china, kulisiya lichite thovu, n'kulisefa. Kuyambira tsiku loviika kufika tsiku lomveka kuti mowa wapsa pankadutsa sabata ndi masiku ena, ndipo aliyense wosuzumira m'nkhokwe ankaona kuti chimanga chatsika.

Lero pa Chimbiya, pa Linthipe kapena m'misika ya m'malire, mnyamata amene wagulitsa thumba la mbatata ya kachewere sadikira sabata. Amapereka ndalama, amupatsa kabotolo ka pulasitiki, n'kukagugudiza ali chiimire. Masamu ake ndi osavuta. Lita imodzi ya mowa wa masese wa ukali wa 4 peresenti ili ndi mamililita 40 a alcohol, chinthu chenicheni choledzeretsacho. Mamililita 100 okha a mowa wa 40 peresenti ali ndi muyeso womwewo. Woyambawo munthu amamwa akucheza, mimba n'kudzaza asanapite patali. Wachiwiriwo umatha ndi kumeza katatu.

Anthu akamadandaula za uchidakwa amakonda kunena kuti achinyamata a masiku ano alibe mwambo. Mbiri ya boma la Dedza ikuonetsa chinanso. Pa zaka 130 zapitazi, chimene chasintha kwambiri ndi liwiro limene mowa umayenda kuchoka pakamwa kufika mu ubongo. Umboni wina wamphamvu woti liwiro limeneli limabala uchidakwa unachokera kutali, m'zipatala za ku America ndi ku Sweden, kwa anthu amene anachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu kuti aonde.

Mowa wa khasu ndi wa mizimu

Kale mowa unkafululidwa pa chifukwa chodziwika. Munthu amene munda wamukulira ankaitana dima. Anzake ankafika m'mamawa ndi makasu awo, kulima mondondozana akuimba, ndipo mbiya inkatsegulidwa ndime ikatha. Wobwera mochedwa, kapena wongoima ndi khasu paphewa, ankamva mawu asanalandire chipanda. Momwemonso pofolera nyumba, pomanga nkhokwe kapena potuta zokolola. Mowa unali malipiro, koma malipiro obwera thukuta litatuluka kale, ndipo nthawi zambiri nsima ndi ndiwo zinkatsagana nawo.

Unalinso chakumwa cha mizimu. Mvula ikachedwa, akuluakulu ankathira nsembe ya mowa ndi ufa pakachisi. Pa chinamwali pankafululidwa mowa. Maliro akapita, patadutsa miyezi, abale ankasonkhana pa bona, gule wamkulu n'kutuluka kudambwe kudzaperekeza mzimu wa malemu. Mowa wa miyambo yotere unali ndi malamulo ake: ofulula ankayenera kudzisunga m'nyumba masiku onse a ntchitoyo, poopa mdulo ndi kuwononga mowa. M'mapanga a ku Chongoni, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, muli malo 127 a zojambula, ndipo zoyera zambiri zinajambulidwa ndi Achewa pa miyambo ya chinamwali, ya mvula ndi ya maliro, yomweyo imene inkafuna mbiya za mowa. Ku Mua, m'nyumba yosungira mbiri ya Chamare, pa malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, mlendo amaona miyambo imeneyi ya Achewa, Angoni ndi Ayao yofotokozedwa kuyambira kubadwa mpaka imfa.

Kamwedwe kake kanali ndi dongosolo. Mwini mowa ankayamba kulawa pamaso pa onse kusonyeza kuti mulibe choipa. Chipanda chinkayambira kwa akuluakulu n'kumazungulira, amuna mbali yawo, amayi mbali yawo. Kwa Angoni a Maseko, amene anakhazikika ku Domwe ndi m'mapiri a Dedza ndi Ntcheu m'zaka za m'ma 1800, ndi kwa a Kachindamoto amene anatsikira ku Mtakataka, udindo wa munthu unkaoneka ndi malo amene wakhala pa mowa ndi nthawi imene chipanda chamufika. Mnyamata wosakwatira ankadikira.

Izi sizitanthauza kuti kunalibe kuledzera. Kunali ndewu, kunali chigololo cha pa mowa, ndipo milandu yambiri ya pabwalo la mfumu inkayamba ndi mawu akuti tinali ku mowa. Kunalinso amuna odziwika ndi kununkhiza komwe kwafululidwa, lero mudzi uno, mawa winawo. Koma mowawo unali ndi malire amene munthu sakanawadumpha. Unkadalira nkhokwe, choncho unkachuluka pambuyo pa kukolola n'kusowa mu January ndi February. Unkasasa pakangopita masiku awiri kapena atatu, choncho sunkasungika. Unali wolemera kunyamula, wovuta kubisa, ndipo sunkamwedwa ndi munthu mmodzi kuseri kwa nyumba. Koposa zonse, unali chakudya. Dr. B. S. Platt, amene anatsogolera kafukufuku wa kadyedwe ku Nyasaland kuyambira mu 1938 m'midzi ya boma la Nkhotakota, anaonetsa kuti kumeretsa ndi kufulula mbewu kumaonjezera mavitamini a gulu la B, ndipo mowa wotere unali mbali ya chakudya cha anthu olima.

Msonkho, mishoni ndi ndalama

Mu October 1896 asilikali a Angerezi anapha Inkosi Gomani woyamba wa Angoni a Maseko, ndipo ulamuliro wa atsamunda unakhazikika m'mapiri muno. Pambuyo pa mfuti panabwera msonkho wa nyumba, wolipira ndi ndalama. Amuna anayamba kutsika kupita ku minda ya azungu ku Blantyre ndi Thyolo, ena kuwoloka Zambezi kupita ku Halale, ena mpaka ku migodi ya ku Joni. Amayi anatsala ndi minda, ana ndi okalamba. M'midzi ya chikamwini, momwe munda ndi nkhokwe zili m'manja mwa mkazi ndi abale ake, njira yapafupi yosandutsira chimanga kukhala ndalama ya msonkho, mchere ndi nsalu inali mbiya. Apa ndiye panabadwa mowa wogulitsa, wosadikira dima kapena maliro. Amene ali ndi ndalama ankamwa, kaya ndi mwana wa dzulo.

Obwera kuchokera kumigodi anabwera ndi kamwedwe kena. Mzinda wa Durban unatsegula nyumba zake zogulitsira mowa kwa anthu akuda mu 1909, ndipo mizinda ina ya ku South Africa ndi ku Rhodesia inatengera. Kumeneko munthu ankamwa kumapeto a sabata, ndi malipiro ake, pakati pa anthu osamudziwa, popanda malume womuyang'ana. M'makomboni munalinso mashabini a mowa wophikidwa mobisa ndi mofulumira. Pofika mu 1973 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa, ndipo Dr. Kamuzu Banda anaimitsa ulendo wa Wenela wopita kumigodiko ndege itagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha anthu oposa 70. Amuna a kumigodi anabwerera ndi njinga, mawailesi ndi masuti, komanso chizolowezi chomwa chifukwa choti lero kwalandiridwa.

Amishoni anayankha mosiyana. A Dutch Reformed, amene anatsegula Nkhoma mu 1896, Mlanda mu 1902 ndi Mphunzi mu 1903, analetsa akhristu awo kumwa ndi kufulula komwe, ndipo mpaka lero mu Sinodi ya Nkhoma nkhani ya mowa imatha kumuimitsa munthu pa mgonero. Ansembe a White Fathers, amene anafika ku Mua mu 1902 n'kukwera ku Bembeke mu 1910, ankadzudzula kuledzera koma sanatseke mbiya. M'midzi ya Asilamu ya kwa Tambala chipembedzo chinkaletsa mowa wonse. Choncho m'boma limodzi, nthawi zina m'banja limodzi, munali malamulo atatu.

Boma la atsamunda linali ndi lake lachinayi. Pangano la ku Brussels la mu 1890 linaletsa kugulitsa mowa waukali kwa anthu akuda m'chigawo chachikulu cha Africa, ndipo Nyasaland inali momwemo. Mzungu wa pa boma ankamwa whisky wake madzulo, koma kalaliki wake wakuda akapezeka nalo botolo unali mlandu. Ngakhale mowa wa masese unkatsekedwa pa nthawi ya chilala. Pa njala ya mu 1949 boma linaletsa kufulula pofuna kupulumutsa chimanga, ndipo wolemba mbiri Megan Vaughan, amene anafufuza njalayo m'midzi ya ku Blantyre, anaonetsa kuti chiletsocho chinadula amayi ambiri njira yawo yaikulu yopezera ndalama pa nthawi yomwe ankaifunitsitsa kuti agule chakudya.

Dontho la mumpope

Luso lotcheza kachasu linakwera kuchokera ku chigwa cha Zambezi, komwe Apwitikizi anakhala zaka mazana, ndipo Dedza ili pakhomo penipeni. Malire a Malawi ndi Mozambique m'dera lino ndi msewu ndi mizere ya m'munda. Anthu a ku Angónia ndi a ku Dedza amalankhula chinenero chimodzi, amakwatirana, amaikana maliro. Chimene mayi wa tsidya lina wadziwa, mchemwali wake wa tsidya lino sachedwa kuchidziwa.

Katchezedwe kake sikanasinthe kwenikweni. Mayi amaviika madeya m'madzi, kuthiramo shuga, n'kusiya mumgolo masiku angapo mpaka thovu litaleka. Nyengo ya masuku, kumapeto kwa chaka, ena amagwiritsa ntchito zipatsozo. Tsiku lotcheza amathira zoviikazo mumtsuko waukulu pamafuwa, kuvundikira ndi mphika wina, n'kumata mpata wonse ndi madeya onyowa kapena dothi kuti nthunzi isathawe. Kuchokera pamwamba pamatuluka mpope wachitsulo umene umadutsa m'chimtengo chosemedwa kapena m'tayala lodulidwa, lodzaza madzi ozizira. Moto uyenera kukhala wofatsa. Ukakula, phala limakwera n'kuwononga zonse. Madzi a m'tayala akafunda, mwana amatumidwa kukatunga ena. Kumapeto kwa mpope kumadontha madzi oyera mbee, dontho ndi dontho, kulowa m'botolo. Oyambirira kutuluka ndiwo mutu, okwera mtengo, ndipo wogula wokayika amawaza pang'ono pamoto kuti aone lawi. Otsatirawo amanka nachepa mphamvu, ndipo mwini amasakaniza mwa nzeru zake asanathire mu velemoti.

Kachasu anathyola malire onse amene masese anali nawo. Sasasa, ndiye amasungika miyezi. Amalowa m'thumba la jekete. Safuna chimanga chabwino cha m'nkhokwe, amangofuna madeya amene akanapita ku nkhumba. Chifukwa boma linkamuletsa, ankatchezedwa kudambo kapena m'nkhalango usiku, n'kumwedwa mobisa ndi mwachangu, wina atayang'ana kunjira ngati kukubwera apolisi kapena mesenjala wa mfumu. Lamulo lofuna kuchepetsa kumwa linaphunzitsa anthu kumwa mothamanga, kutali ndi maso a akuluakulu.

Chimene chinkamuchedwetsa chinali shuga, yemwe ankachokera kunja ndipo anali wodula. Fakitale ya Sucoma ku Nchalo itayamba kugaya nzimbe mu 1966, ndi ya ku Dwangwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, shuga anafika m'magolosale a ku Lobi, Mayani ndi Thete. Paketi yomweyo yothira mu tiyi inakhala mpamba wa mayi wamasiye. Ana ambiri a ku Dedza amene lero ndi aphunzitsi, anamwino ndi akalaliki analipiriridwa sukulu ndi madontho a mumpope, ndipo amadziwa. Pa nkhondo ya ku Mozambique, makamaka kuyambira mu 1986, Dedza ndi Ntcheu analandira othawa kwawo zikwi mazanamazana. Anthu opanda minda anafunika kupeza ndalama ndi manja okha, ndipo kutcheza ndi kufulula kunali pakati pa ntchito zochepa zotheka, kufikira mtendere utasainidwa ku Rome mu October 1992 ndipo ambiri atabwerera.

Mowa wa kufakitale

Dziko litalandira ufulu, botolo limene linkaletsedwa linasanduka chizindikiro cha munthu wotukuka. Mu 1968 kampani ya Carlsberg inatsegula fakitale ku Blantyre, yoyamba kunja kwa Denmark. Chibuku anatenga mowa wa masese n'kuuika m'paketi ya m'tawuni. Lamulo la mowa la mu 1979 linakhazikitsa ziphaso za ogulitsa ndi opanga. Koma mlimi wa ku Kaphuka kapena kwa Chilikumwendo sankakwanitsa botolo la Carlsberg tsiku ndi tsiku, ndipo anakhalabe ndi masese ndi kachasu.

Amene anamufikira mlimiyo anali masacheti. M'zaka za m'ma 2000 makampani anayamba kusungunula alcohol wochokera ku nzimbe, kuthiramo fungo la nanazi kapena la zipatso zina, n'kutsekera m'timapepala ta pulasitiki. Ukali wake unkafika 40 peresenti kapena kuposa, koma mtengo wa kamodzi unali wa ndalama zachitsulo. Kachasu ankafuna kuti munthu apite kunyumba ya wotcheza, komwe wina angamuone. Sacheti inkagulidwa pa hokala pamodzi ndi machesi ndi sopo. Inkalowa m'sokosi ya mwana wa sukulu, m'thumba la woyendetsa kabaza, m'chipewa cha wonyamula katundu pa depoti. Aphunzitsi, mafumu ndi atsogoleri a mipingo analira mokweza. Zambia inaletsa timapepala tomweti, tomwe kumeneko amati tujilijili, mu April 2012, nduna Nkandu Luo atasaina lamulo. Malawi inatsatira ndi malamulo a mu 2015, pakati pa kukokanakokana ndi makampani m'makhoti.

Mowawo sunachoke. Unangosamukira m'timabotolo ta pulasitiki timene anthu amati midoli, ndi m'zigubu za malita asanu zimene wogulitsa amapungulira m'kapu pa ndalama iliyonse imene wogula ali nayo. Wina umasakanizidwa ndi zinthu zosadziwika. Mu 2024 anthu angapo anafa ku Manase mu mzinda wa Blantyre atamwa mowa wotere wotchedwa Ambuye n'tengeni.

Zimene mpeni wa dokotala unaulula

Mu 1966 dokotala Edward Mason wa ku yunivesite ya Iowa ku America anayamba opaleshoni yothandiza anthu onenepa mopitirira muyeso, yotchedwa gastric bypass. Mmene imachitikira masiku ano, dokotala amadula chifu n'kusiya kathumba kolowa mamililita pafupifupi 30, kenako n'kukalumikiza mwachindunji ku matumbo aang'ono. Munthu amakhuta ndi chakudya chochepa, amaonda, ndipo kwa ambiri matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimachepa. Opaleshoni imeneyi yatalikitsa moyo wa anthu ochuluka. Koma patapita zaka madokotala anayamba kulandira odwala awo akale ndi vuto latsopano. Ena mwa iwo anali anthu amene kale ankangolawa pa ukwati.

Mu 2012 Wendy King wa ku yunivesite ya Pittsburgh ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atatsatira anthu 1,945 ochitidwa opaleshoni ya chifu. Opaleshoni isanachitike, 7.6 peresenti anali ndi zizindikiro za vuto la mowa. M'chaka choyamba chiwerengerocho sichinasinthe kwenikweni, koma m'chaka chachiwiri chinafika 9.6 peresenti. Atawatsatirabe, mu 2017 anapeza kuti mwa anthu a gastric bypass amene analibe vutoli poyamba, mmodzi mwa asanu alionse anali ataonetsa zizindikiro zake pasanathe zaka zisanu. Mwa amene anangomangidwa lamba pachifu, njira ya chakudya osaisintha, chiwerengerocho chinali pafupifupi theka lake.

Kusiyana kumeneku kunali kofunika. Ambiri ankaganiza kuti munthu amene ankadzitonthoza ndi chakudya, akalephera kudya, amangosamutsira chibaba chake ku botolo. Koma magulu onse awiri analeka kudya kwambiri, ndipo vuto linakula koposa kwa amene chifu chawo chinalambalalidwa. Chifukwa chachikulu chili m'thupi. Alcohol wambiri salowa m'magazi ali m'chifu, amalowa akafika m'matumbo aang'ono. Pakati pa ziwirizi pali kamnofu kotseka ndi kutsegula, kokhala ngati chipata cha khola chotulutsa mbuzi imodziimodzi. M'chifu mukakhala chakudya, chipatacho chimachedwa kutseguka, mowa umadikira, wina pang'ono umaphwanyidwa momwemo, ndipo chiwindi, chimene chimatha kuchotsa magalamu pafupifupi 7 okha pa ola, chimapeza mpata. Opaleshoni ija imadumpha chipatacho. Ofufuza a ku Sweden anapeza mu 2002 kuti mwa amayi ochitidwa opaleshoniyi mowa unkafika pachimake m'magazi pa mphindi 10, pomwe mwa anzawo osachitidwa opaleshoni unkatenga mphindi 30. Mu 2015 Marta Yanina Pepino ndi anzake ku St. Louis anaonetsa kuti matambula awiri mwa munthu wotere amakweza mowa m'magazi ngati anayi.

Ubongo umaphunzira msanga chinthu chimene chimausangalatsa mwadzidzidzi kusiyana ndi chobwera pang'onopang'ono. N'chifukwa chake fodya wokoka, amene amafika mu ubongo m'masekondi ochepa, amagwira munthu mwamphamvu. Akatswiri akufufuzanso momwe opaleshoni imasinthira timadzi ta m'matumbo tolankhula ndi ubongo, koma pa za liwiro umboni ndi wogwirika. Munthu yemweyo, wa makhalidwe omwewo, wa mpingo womwewo, akasinthidwa njira imene mowa umadutsa, ngozi yake yogwa mu uchidakwa imakwera.

Mimba yopanda kanthu

Opaleshoni imeneyi ndi ya anthu a ndalama, ndipo Amalawi oifuna kawirikawiri amayang'ana ku South Africa kapena ku India. Iwowa ayenera kumva chenjezo limeneli asanakwere ndege. Koma phunziro lake likukhudza kwambiri anthu oposa 830,000 amene kalembera wa mu 2018 anawapeza m'boma la Dedza, ambiri mwa iwo alimi. Mimba ya njala si chimodzimodzi ndi chifu chodulidwa, koma mbali imodzi zimafanana: m'chifu mukakhala mopanda kanthu, chipata chija sichichedwetsa mowa. Masese ankabwera ndi phala lake lomwe, n'kudzichedwetsa okha. Kachasu ndi midoli zimabwera zokha.

Taonani tsiku la munthu wa ganyu mu February. Wadzuka osadya, wapalira m'munda wa wina mpaka dzuwa pamutu, walandira ndalama yosakwana ufa wa banja lonse koma yokwana kapu. Amamwa kuti aiwale njala ndi kutopa, ndipo mowawo umamufika m'mutu asanafike kunyumba. Mu June ndi July, usiku ukazizira kutsika madigiri 10 m'tawuni ya Dedza, imene ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, alonda ndi ogulitsa m'mbali mwa msewu wa M1 amati akumwa kuti afunde. Kutenthako n'kwa pakhungu pokha. Mowa umatsegula mitsempha ya kunja, thupi n'kumataya kutentha kwake, ndipo woledzera wogona panja nyengo imeneyi ali pa ngozi yeniyeni.

Kafukufuku wa mu 2009 amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi bungwe la WHO anapeza kuti amuna pafupifupi 30 mwa 100 alionse m'Malawi amamwa mowa, pomwe amayi ndi 4 okha. Ambiri m'dziko muno samwa konse. Vuto lili pa kamwedwe ka ochepawo, ndipo katundu wake amasenzedwa ndi osamwa: mkazi amene wapeza feteleza wa makuponi atagulitsidwa, mwana amene wabwezedwa kusukulu, gogo amene akulera zidzukulu.

M'midzi anthu amazidziwa zizindikiro ngakhale sazitcha matenda. Munthu amayamba kufuna kapu ya m'mawa, amati yochotsa matsire. Manja amanjenjemera mpaka atamwa. Nsima imamukanika. Akasowa mowa masiku awiri amatuluka thukuta, sagona, amaona zinthu zimene ena sakuziona, ena amagwa n'kumaphupha ngati a khunyu. Abale amathamangira kwa sing'anga kapena ku mapemphero poganiza kuti walodzedwa, ena amamutsekera m'nyumba kuti aleke. Kumuletsa mwadzidzidzi munthu amene thupi lake lazolowera chotere kungamuphe. Amafunika chipatala, mankhwala otsitsa kunjenjemerako pang'onopang'ono, ndi vitamini B1 woteteza ubongo.

Thandizo lilipo koma ndi lochepa ndipo lili kutali. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba. A St John of God ali ndi ntchito yothandiza ofuna kusiya mowa ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo Lilongwe ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera pa Dedza boma, osawerengera ulendo wochokera ku Golomoti kapena kwa Chauma. Ndondomeko ya dziko yokhudza mowa inakhazikitsidwa mu 2017, koma kachasu ndi mowa wa m'zigubu sizidutsa pa ofesi iliyonse. Amene angazifikire ndi khonsolo, mafumu ndi makomiti a m'midzi. Dedza inaonetsa kale kuti malamulo a m'mudzi amagwira ntchito akakhala ndi mwini: Inkosi Theresa Kachindamoto anathetsa maukwati a ana mazanamazana pogwirizana ndi mafumu ake ang'onoang'ono, ndipo amene ankazembetsa lamulo ankawatsitsa pa mpando. Mphamvu yomweyo ingathe kuika maola ogulitsira mowa, kuletsa kugulitsa kwa ana ndi kutseka zigubu zosadziwika kochokera.

Koma mbiri ya 1949 ikuchenjeza kuti kuphwanya mtsuko wa mayi wotcheza popanda kumupatsa china kumangosamutsira njala kwa ana ake, ndipo mbiri ya kachasu ikuchenjeza kuti chiletso chokha chimathamangitsira mowa kudambo. Amayi amenewa afunika mpamba wa mbatata, nyemba, tomato kapena nkhumba, zimene nthaka ya Dedza imabereka bwino, ndi misika yoti agulitseko.

Madokotala a opaleshoni ya chifu anasintha kachitidwe kawo ataona ziwerengero zija. Tsopano amafunsa wodwala za mowa asanamugoneke pa tebulo, amamuuza poyera kuti tambula imodzi idzamugwira ngati ziwiri, ndipo amalangizidwa kumufunsabe kwa zaka, chifukwa vutoli limachedwa kuonekera. Mafunso amenewa safuna makina. Mlangizi wa zaumoyo ku Kasina kapena namwino wa ku Mtakataka angathe kuwafunsa kwa bambo amene wabwera ndi chilonda cha ndewu, ndi chifuwa chachikulu kapena kudzatenga ma ARV: mumamwa chiyani, kangati pa sabata, mumayamba nthawi yanji, ndipo mumakhala mutadya kapena ayi.